Bwanji mafilimu akale a ku Britain amangokhala m'chipinda chimodzi ngati sewero?

Aphunzitsi ena amene amayang'anira gulu la zisudzo pasukulu pawo alemba motere: "Ndakhala ndikuonera pa YouTube mafilimu a ku Britain a m'zaka za m'ma 1930. Ambiri ndi afupi, ola limodzi basi. Nkhani yonse imachitikira pabalaza, anthu amangolowa ndi kutuluka pakhomo n'kumayankhula, ndipo koyambirira amalemba kuti nkhaniyo yachokera ku sewero la wakutiwakuti. Kodi Angelezi nthawi imeneyo sankadziwa kupanga filimu? Nanga n'koyenera kuwaonetsa ana anga a zisudzo?"

Aphunzitsi, maso anu sanakunamizeni. Ambiri mwa mafilimu amenewo ndi masewero ndithu, amene anangowaveka malaya a filimu mothamanga. Koma kudziwa ankadziwa. M'zaka zomwezo, m'masitudiyo a m'mbali mwa London, munali Alfred Hitchcock, ndipo anyamata amene pambuyo pake anatchuka dziko lonse, monga Michael Powell ndi David Lean, ankaphunzira ntchito pa mafilimu otchipa omwe mukuwadandaulawo. Balaza limene mukuliona linamangidwa ndi lamulo la boma, ndipo mtengo wa ogula ndi makina ojambulira mawu ndiwo anatseka chitseko.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, msika wa mafilimu ku Britain unali m'manja mwa makampani a ku America. Iwo ndalama zawo ankabwezera kwawo komweko, kumene oonera anali ochuluka, choncho filimu ikamawoloka nyanja inali phindu lokhalokha ndipo ankatha kuibwereketsa motchipa. Analinso ndi kachitidwe kena kofinya. Mwini nyumba ya kanema akafuna filimu imodzi yotchuka, ankamuuza kuti atenge mulu wonse wa kampaniyo, ena asanawaone n'komwe, ena asanajambulidwe. Masiku onse ankadzaziratu miyezi yambiri nthawi isanakwane, filimu ya Mngelezi n'kusowa pokhala kwawo komwe. Mu November 1924 masitudiyo a ku Britain anangoti zii, popanda filimu yojambulidwa. Pofika 1926, pa mafilimu 100 alionse oonetsedwa m'dzikomo, a ku Britain anali pafupifupi 5 okha.

Apa mpamene nyumba ya malamulo inalowererapo ndi lamulo la Cinematograph Films Act la 1927, limene linayamba kugwira ntchito mu 1928. Linkati makampani obwereketsa mafilimu azikhala ndi gawo la mafilimu a ku Britain, kuyambira 7.5 pa 100 alionse, ndipo eni nyumba za kanema azionetsa 5 pa 100 alionse. Gawolo linkakwera pang'onopang'ono mpaka linafika 20 pa 100 chapakati pa zaka za m'ma 1930. Kuti filimu iwerengedwe kuti ndi ya ku Britain, kampani yopanga inkayenera kukhala ya ku Britain, zojambula za m'situdiyo zichitikire m'mayiko a ufumu wa Britain, wolemba nkhani akhale nzika ya ufumuwo, ndipo magawo atatu mwa anayi a malipiro apite kwa nzika zake. Mfundo ya wolembayo muisunge, tiipezanso kutsogolo.

Cholinga chinali chabwino, koma lamuloli linali ndi bowo lalikulu: linkayeza kutalika kwa filimu, silinkafunsa za ubwino wake kapena ndalama zimene zalowapo. Makampani a ku America analiona bowolo msanga. Kuti apitirize kugulitsa katundu wawo wa ku Hollywood, ankangofunika mafiti okwanira a filimu ya ku Britain m'mabuku mwawo. Ena anatsegula nthambi zawozawo: Warner Brothers ku Teddington, Fox ku Wembley. Ena ankangopereka oda kwa opanga mafilimu ang'onoang'ono. Mtengo umene unazolowereka unali paundi imodzi pa fiti iliyonse ya filimu yomalizidwa. Mafilimu amenewa ndi amene anapatsidwa dzina lachipongwe loti quota quickies, kutanthauza zothamangitsa zongokwaniritsira gawo la lamulo.

Tawerengani nane masamu ake, chifukwa yankho lenileni la funso lanu lili m'menemu. Filimu ya mawu imadutsa m'makina pa mafiti 90 mphindi iliyonse, choncho mafiti 6,000 ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Wopanga alandira mapaundi 6,000, ndipo basi. Filimu ikakondedwa, kwa iye sikubwera kena kalikonse. Ikanyozedwa, salipira chindapusa. Phindu lake ndi chimene chatsala m'thumba atamaliza kujambula. Akawononga 5,000, watsala ndi 1,000. Akachedwa masiku atatu chifukwa mvula yagwa pamene amafuna kujambula panja, phindu lapita. Munthu wotere safuna mitambo, safuna khamu la anthu, safuna galimoto zothamangitsana. Amafuna chipinda chimodzi chokhala ndi zitseko ziwiri kapena zitatu, anthu asanu ndi mmodzi odziwa mawu awo, ndi masiku khumi kapena milungu iwiri.

Ndiye ndani anali ndi katundu wotere ali chikonzekere? Nyumba za zisudzo. London inali ndi masewero ambirimbiri chaka ndi chaka, ndipo m'matauni a kumadera munali magulu osintha sewero mlungu uliwonse. Sewero la nthawi imeneyo linkalembedwa kale moganizira ndalama: magawo atatu, chipinda chimodzi kapena ziwiri, ochita ochepa. Zokambirana zinali zolembedwa kale, ndipo oonera anali ataziyesa kale, zikudziwika kuti apa anthu amaseka, apa amagwira mpweya. Wolemba anali Mngelezi, monga lamulo linkafunira. Sewero limene silinakhalitse ku West End, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku London, ufulu wake unkagulidwa motchipa, komabe pachikwangwani ankatha kulemba kuti lachokera ku siteji ya ku London, zimene zinkapatsa ulemu filimu yosauka. Komanso sewero lililonse loonetsedwa poyera linali litadutsa kale mu ofesi ya Lord Chamberlain, imene inkaunika masewero mpaka 1968. Mafilimu anali ndi bungwe lawolawo lowaunika, komabe nkhani imene yadutsa kale pa sefa imodzi sinkaopsa kwambiri.

Ochita ake analinso pafupi. Twickenham, Teddington, Wembley, Elstree ndi Shepperton onse ndi malo a m'mphepete mwa London. Wazisudzo ankatha kujambula masana n'kuthamangira ku siteji madzulo, kapena kutsika pa siteji usiku n'kupita ku situdiyo. Julius Hagen, amene ankayendetsa situdiyo ya Twickenham kuyambira 1929, ankaigwiritsa ntchito usana ndi usiku, gulu lina likutuluka lina likulowa. Mukaona nkhope yotopa m'mafilimu amenewa, nthawi zina si luso la wochitayo ayi, ndi tulo.

Tsopano za mawu. Lamulo lija linalembedwa mafilimu adakali osayankhula, ndipo mwangozi linayamba kugwira ntchito nthawi imene mafilimu oyankhula ankafika. Makina oyamba anali ovuta kwambiri. Kamera inkachita phokoso, ndiye ankaitsekera m'kanyumba kotchinga mawu, wojambula ali momwemo thukuta lili kamukamu. Kamera yotsekeredwa singayende. Maikolofoni inkamva pafupi pokha, ndipo inkabisidwa m'maluwa a patebulo kapena kulendewera pamwamba, choncho ochita ankasonkhana pamalo amodzi ngati anthu owotha moto. Kusakaniza mawu pambuyo pojambula kunali kusanakhwime. Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza ophunzira ndi cha Blackmail ya 1929, filimu ya Hitchcock yochokera ku sewero la Charles Bennett. Mtsikana wamkulu m'filimuyo, Anny Ondra, anakulira ku Prague, ndipo Chingelezi chake sichinkamveka ngati cha mwana wa mwini sitolo wa ku London. Anachita bwanji? Wazisudzo wina, Joan Barry, ankaima pambali pa kamera n'kumayankhula mawuwo pa maikolofoni nthawi yomweyo, Ondra akungoyendetsa milomo. Ngati filimu yaikulu ya situdiyo ya Elstree inkavutika chonchi, ganizirani ya mapaundi 6,000. Makinawo anasintha m'zaka zochepa chabe, kamera inamasuka, koma mtengo wa paundi pa fiti sunasinthe, ndiye chizolowezi cha chipinda chimodzi chinatsalira kwa osauka.

Mukadziwa zimenezi, mumayamba kuona zinthu zina zimene poyamba zinkangotopetsa. Ine ndikamaonera filimu yotere ndimakhala ndi pepala, n'kumalemba chilichonse chachikulu chimene chachitika koma osachiona. Galimoto yagwa m'phompho: tikumva kwa wantchito wa m'nyumba amene walowa wefuwefu. Munthu wamangidwa ku siteshoni: tikumva pa telefoni. Pa siteji zimenezi n'zomveka, poti phompho silingalowe m'holo. Mu filimu, chifukwa chake n'chakuti telefoni ndi yotchipa kuposa phompho. Onaninso mmene munthu amalowera: atsegula chitseko, avula chipewa, apereka chikhoti kwa wantchito, ayenda mpaka pa tebulo, athira chakumwa m'tambula, ayatsa fodya, kenako n'kuyamba kuyankhula. Wodula filimu waluso akanachotsa theka la zimenezo. Koma apa fiti iliyonse ndi paundi, ndipo kuyenda kuchokera pakhomo kufika pa tebulo ndi mafiti otchipa kwambiri amene wopanga angapeze.

Sindikufuna kukunamizani kuti onse ndi golide wobisika. Ambiri ndi ofooka ndithu. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kayankhulidwe: anthu a m'nyumba zapamwamba, Chingelezi chosalala cha ku West End, mavuto a cholowa ndi mikanda yobedwa, pamene ambiri mwa oonera anali anthu a m'mafakitale ndi m'migodi, m'zaka zimene ulova unali utaluma. Munthu wamba akaoneka, kawirikawiri amakhala wantchito woseketsa kapena wapolisi wopusa. N'chifukwa chake oonera ambiri ankakonda mafilimu a ku America, amene anthu ake ankayankhula ngati anthu. Pali nkhani imene imakambidwa kawirikawiri yoti nyumba zina za kanema zinkaonetsa mafilimu a gawowa m'mawa, m'holo muli osesa okha, n'cholinga choti m'buku mulembedwe kuti lamulo latsatidwa. Komabe ambiri ankaonetsedwa bwinobwino ngati filimu yachiwiri, yotsogolera filimu yaikulu, ndipo m'matauni ang'onoang'ono ena anali ndi owakonda awo.

Mwa amene ankakondedwawo, palibe woposa Tod Slaughter, ndipo ngati mukufuna filimu imodzi yoonetsa ana anu, yambani ndi Maria Marten, or The Murder in the Red Barn ya 1935. Nkhani yake inachitikadi: mu 1827, m'mudzi wa Polstead ku Suffolk, William Corder anapha chibwenzi chake Maria Marten n'kumukwirira m'nkhokwe, ndipo ananyongedwa ku Bury St Edmunds mu 1828. Kwa zaka zoposa 100 magulu a zisudzo oyendayenda ankachita nkhaniyi m'misika ndi m'maholo. Slaughter anali munthu wa siteji yotereyo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ankadzaza holo ku Elephant and Castle, kumwera kwa London, ndi masewero akale a zigawenga. Filimuyo sibisa kumene yachokera. Imayamba ndi munthu ataima patsogolo pa katani, akuitana ochita mmodzimmodzi kuti aonekere kwa anthu, monga zimakhalira m'holo. Slaughter, bambo wa zaka pafupifupi 50, akuchita mbali ya Corder, amene ananyongedwa ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Amatembenuza maso, amapukusa manja, amaseka chiseko chochokera m'mimba chimene chinapangidwira munthu wokhala mpando wakumbuyo kwenikweni. Mwa malamulo onse a filimu zimenezi n'zopitirira muyezo. Koma zimagwira mtima, chifukwa iye sakuchita manyazi ndi siteji, ndipo kudzera mwa iye tikuona kachitidwe ka zisudzo ka m'zaka za m'ma 1800 kamene kamera sikanakapeza mwa njira ina. Chaka chotsatira anachitanso Sweeney Todd, motsogozedwa ndi George King, mmodzi mwa akatswiri a mafilimu otchipawa. Kwa mphunzitsi wa zisudzo ngati inu, chimenechi ndi chuma.

Njira inayo ndi ya Michael Powell, amene anatsogolera mafilimu 23 pakati pa 1931 ndi 1936, ambiri a mtundu womwewu. Iye akapatsidwa sewero ankafunafuna zenera loti atulukirepo. The Phantom Light ya 1935 inachokera ku sewero la Evadne Price ndi Joan Roy Byford, lonena za nsanja younikira zombo kugombe la Wales, kumene alonda akhala akufa kapena kupenga modabwitsa. Pa siteji, nsanjayo ndi chipinda chimodzi chozungulira. Powell sanayambire m'chipindamo. Anayamba ndi mlonda watsopano, Gordon Harker ndi Chingelezi chake cha m'misewu ya London, akutsika kasitima kakang'ono m'mapiri a Wales n'kupeza anthu akumuyankha m'chinenero chawo, iye osatolapo kanthu. Kenako mudzi wa m'mbali mwa nyanja, bwato, mafunde, ndipo pomaliza nsanjayo. Pofika m'chipinda chija, woonera wadziwa kale kutalika kwa madzi amene ali pakati pa anthuwo ndi chithandizo, ndipo chipinda chimodzi chasanduka msampha. Mkatimonso kamera imakwera ndi kutsika masitepe, kuwala kwa nyali kukuzungulira pankhope. Ndalama zinali zochepa, koma munthuyo ankaganiza ndi maso. Hitchcock nayenso, atapatsidwa sewero la Number Seventeen mu 1932, limene sankalifuna, anathawa m'nyumba ya seweroyo kumapeto n'kumaliza ndi mpikisano wa sitima ndi basi, wojambulidwa ndi tizidole.

Apa ndiye pali phindu limene onyoza a nthawi imeneyo sanalione. Situdiyo yopanga filimu milungu iwiri iliyonse imafuna anthu, ndipo imalola wachinyamata kugwira kamera kapena lumo, zimene situdiyo yolemera singalole. David Lean ndiye anadula ndi kulumikiza The Ghost Camera ya 1933 ku Twickenham, momwe munali John Mills ndi Ida Lupino adakali achinyamata. James Mason anayambira ku Wembley mu 1935. Chaka chomwecho Vivien Leigh anali m'kafilimu kotchipa kochokera ku sewero, The Village Squire, zaka zinayi zokha asanakhale nkhope yodziwika dziko lonse. Errol Flynn anaonedwa ku Teddington asanatumizidwe ku Hollywood. Mafilimu apamwamba a ku Britain a m'zaka za m'ma 1940 anapangidwa ndi manja amene anakhwimira m'ntchito ya usikuyi.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti amene mukuwaona pa YouTube ndi opulumuka chabe. Filimu ya nthawi imeneyo inkapangidwa ndi nitrate, chinthu chogwira moto mosavuta ndiponso chowola chokha m'chitini, n'kusanduka phala lonunkha kenako fumbi. Kuisunga kunkafuna ndalama, ndipo kwa eni ake filimu ya gawo inali yatha ntchito tsiku limene yalembedwa m'buku la boma. Nkhokwe ya mafilimu ya British Film Institute inayamba mu 1935, koma poyamba maso ake anali pa zimene zinkaoneka zapamwamba. Choncho ambiri anatayika. Filimu yoyamba kuonetsa wofufuza milandu wa m'mabuku a Agatha Christie, Hercule Poirot, inali Alibi ya 1931, yopangidwa ku Twickenham kuchokera ku sewero la Michael Morton, ndipo Austin Trevor anachita mbaliyo wopanda ndevu za pamlomo zimene Poirot amadziwika nazo. Inatayika. Black Coffee ya chaka chomwecho, yochokera ku sewero limene Christie analemba yekha, inatayikanso. Murder at Monte Carlo, imene inatsegulira Flynn njira, kulibe. Ngakhale ena mwa mafilimu oyamba a Powell sanapezekebe mpaka lero. Ndiye tikamaweruza gulu lonseli, tikuweruza munda umene mbali yaikulu inapsa tisanauone.

Mapeto ake anabwera ndi lamulo lina. Madandaulo atachuluka, boma linaika komiti ya Lord Moyne mu 1936, ndipo lamulo la 1938 linatseka bowo lija: kuti filimu iwerengedwe pa gawo la obwereketsa, malipiro a antchito okha ankayenera kufika mapaundi 7,500, ndipo filimu yodula kwambiri inkawerengedwa kawiri kapena katatu. Linachotsanso mafilimu ojambulidwa m'mayiko ena a ufumuwo, poti ena anali atayamba kupangira mafilimu a gawo ku Canada. Makampani a ku America anaona kuti kuli bwino kupanga mafilimu ochepa akuluakulu, ndipo imodzi mwa makampaniwo, MGM, inatulutsa The Citadel mu 1938 ndi Goodbye, Mr. Chips mu 1939. Hagen wa ku Twickenham uja anali atagwa kale mu 1937, atayesa kukwera kuchoka pa mafilimu otchipa kupita pa odula.

Za ana anu, aonetseni, koma musawaonetse ngati chitsanzo choti atsanzire, ndipo musawapatse ola lathunthu tsiku loyamba. Tengani mphindi khumi zoyamba za Maria Marten ndi mphindi khumi zoyamba za The Phantom Light, muwaonetse motsatizana. Afunseni kuti m'chilichonse kamera yaima pati, ndipo ndani akuuza woonera koyang'ana, wochita kapena wojambula. Kenako tengani gawo limodzi la sewero lanu lomwe, limene ana akulidziwa pamtima, mulijambule pa foni kawiri. Koyamba ikani foni pampando wapakati m'holo, osaigwedeza. Kachiwiri, pezani chinthu chimodzi chimene m'seweromo chimangonenedwa pakamwa, kaya ndi ngozi ya panjira kaya kalata imene yafika, mutuluke panja mukachijambule chikuchitika, ndipo mawu onse ochifotokoza muwachotse. Mudzapeza kuti mwana amene amamveka bwino kwambiri m'holo ndi amene akufunika kutsitsa mawu foni ikamuyandikira, ndipo mwina kamtsikana kachete kamene mumakapatsa mbali zing'onozing'ono ndi kamene nkhope yake ikuyankhula. Mukachita zimenezo mundilembere, mundiuze kuti ndi mizere ingati ya sewero lanu imene inatsala.